Uphungu wa Mavuto Osathetseka: Kuyerekeza Njira za Frankl, Yalom ndi van Deurzen ndi Zimene Tili Nazo Kale ku Salima

Aliyense amene ntchito yake ndi kulankhula ndi anthu osweka mtima, kaya ndi namwino pa chipatala cha boma ku Salima, mlangizi wa zaumoyo ku Khombedza, mbusa, shehe kapena wodzipereka amene amayendera odwala m'makomo, amafika pozindikira kuti mavuto amene anthu amabwera nawo ndi a mitundu iwiri. Pali mavuto amene angathetsedwe, monga ngongole ya ku banki m'khonde, mkangano wa malire a munda, kapena kusowa ndalama yokwerera galimoto popita kukalandira mankhwala. Palinso mavuto amene palibe angawachotse, monga imfa ya mwana amene wamira pa nyanja nthawi ya mwera, khansa imene yapezeka mochedwa, kapena ukalamba umene walanda msodzi mphamvu zopalasa bwato ndi kukoka chilimira. Njira zambiri za uphungu zimene zimaphunzitsidwa masiku ano zinakonzedwa poganizira mavuto a mtundu woyamba, koma pali gulu lina la njira, limene akatswiri amalitcha existential psychotherapy, kutanthauza uphungu wolunjika pa mafunso akuya a moyo wa munthu, limene linabadwa chifukwa cha mavuto a mtundu wachiwiri. Gulu limeneli lili ndi nthambi zingapo zosiyana kwambiri, monga za Viktor Frankl, Irvin Yalom ndi Emmy van Deurzen, ndipo si zonse zimene zingamere bwino m'dothi la kwathu kuno.

Kumene maganizowa anachokera

Uphungu umenewu sunayambire m'chipatala koma m'zolemba za akatswiri a filosofi a ku Ulaya. Søren Kierkegaard wa ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, anafotokoza mu 1844 kuti nkhawa si chizindikiro chakuti munthu wasokonezeka, koma kuti imabwera chifukwa munthu ali ndi ufulu wosankha pamene sadziwa kumene chisankho chakecho chimufikitse. Martin Heidegger wa ku Germany, mu 1927, anaonjezerapo mfundo ziwiri zimene aphungu akuzigwiritsabe ntchito: yoyamba ndi yakuti munthu amangozindikira ali kale m'banja, m'chilankhulo ndi m'nyengo zimene sanasankhe yekha, ndipo yachiwiri ndi yakuti kudziwa kuti tidzafa ndiko kumene kungamudzutse munthu kuti moyo wake ukhale wakewake, ngakhale kuti ambiri timathawa kudziwa kumeneku pongotsata zimene aliyense akunena ndi zimene aliyense akuchita. Jean-Paul Sartre wa ku France, m'zaka za m'ma 1940, anaikokera patali mfundo ya ufulu ponena kuti ngakhale kukana kusankha ndi kusankha ndithu, ndi kuti nthawi zambiri munthu amadzinamiza akamati sakanachitira mwina. Martin Buber, mu 1923, anasiyanitsa kukumana ndi munthu monga munthu mnzako ndi kumugwiritsa ntchito monga chinthu.

Pakati pa anthu anayiwa, Kierkegaard anali Mkhristu wotentha, Buber anali Myuda wokhulupirira, pamene Sartre sankakhulupirira Mulungu n'komwe. Mfundo imeneyi ndi yofunika m'maboma ngati Salima ndi Nkhotakota, kumene tchalitchi ndi mzikiti zimakhala moyandikana, chifukwa ikusonyeza kuti uphunguwu sukakamiza munthu kukhala wachipembedzo kapena kuchitaya. Chimene nthambi zake zonse zimagwirizana ndi chakuti nkhawa ya imfa, chisoni ndi kudziimba mlandu si matenda nthawi zonse, ndipo phungu sayenera kuthamangira kuzichotsa asanamve chimene zikunena za moyo wa munthuyo. Zimagwirizananso pa kamvetseredwe kamene kanachokera kwa Edmund Husserl, mphunzitsi wa Heidegger, kakuti womvetsera ayambe waika pambali zimene akuganiza kuti akuzidziwa kale, n'kupempha wovutikayo kuti afotokoze mwatsatanetsatane mmene zinthu zikuonekera kwa iye. Phungu wotereyu safulumira kufunsa chifukwa chimene mayi wamasiye sakugonera tulo, koma amafunsa chimene chimachitika anthu onse akagona ndipo iye watsala maso.

Oyamba kutengera maganizowa m'chipatala anali madokotala awiri a ku Switzerland, Ludwig Binswanger ndi Medard Boss, ndipo Boss anafika poitana Heidegger mwini wake kuti azidzaphunzitsa madokotala kunyumba kwake ku Zollikon kuyambira mu 1959. Njira yawo imatenga zaka zambiri ndipo imafuna phungu wozama m'filosofi ya Chijeremani, choncho kwa ife ndi ya mbiri chabe.

Njira ya Viktor Frankl

Frankl anali dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna amene anamangidwa ndi a Nazi mu 1942 chifukwa chokhala Myuda, nadutsa m'misasa ya ukaidi ya Theresienstadt, Auschwitz ndi nthambi za Dachau mpaka pamene anamasulidwa mu 1945, ndipo pofika nthawi imeneyo mkazi wake, makolo ake ndi mbale wake wamwamuna anali atafa. Njira yake, imene anaitcha logotherapy ndipo anali atayamba kale kuikonza nkhondo isanayambe, imaima pa mfundo yakuti chimene chimamuyendetsa munthu kwambiri ndi kufunafuna tanthauzo la moyo wake, osati chisangalalo kapena ulamuliro. Iye anaphunzitsa kuti tanthauzo limapezeka m'njira zitatu: mu zimene munthu amachita kapena kupanga, mu zimene amalandira monga chikondi ndi ubwino wa chilengedwe, ndiponso mu mtima umene amaima nawo pamaso pa mavuto amene sangapewedwe. Njira yachitatuyi ndiyo imachititsa kuti logotherapy ikhale yoyenera pa bedi la wodwala amene sadzachira, popeza munthu amene sangathenso kulima kapena kuphika amakhala akadali ndi ufulu wosankha mmene adzatsanzikire ana ake, anthu amene iye adzawakhululukire, ndi mawu amene adzawasiyire adzukulu.

Mwa nthambi zonse, iyi ndiyo yosavuta kuiphunzitsa ndi kuigwiritsa ntchito, ndipo ndiyo ili ndi umboni wooneka bwino wa kafukufuku. William Breitbart wa pa chipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York anatenga maganizo a Frankl n'kuwaika m'dongosolo la misonkhano 8 ya pagulu, kapena 7 ya munthu payekha, ya odwala khansa yofika patali, ndipo msonkhano uliwonse uli ndi mutu wake, monga mbiri imene munthu analandira kwa makolo, imene akukhala nayo lero, ndi imene adzasiye. Pamene Joel Vos, Meghan Craig ndi Mick Cooper anasonkhanitsa zofufuza zosiyanasiyana za uphungu wamtunduwu mu 2015, anapeza kuti njira zokhala ndi dongosolo zoterezi, zolunjika pa tanthauzo, ndizo zinaonetsa phindu lalikulu poyerekeza ndi zinzake. M'boma limene lili ndi malo ngati Ndi Moyo, amene anakhazikitsidwa ndi mayi Lucy Finch kuti azisamalira odwala matenda osachiritsika, ndiponso m'dziko limene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ochuluka kuposa m'maiko ambiri, dongosolo lalifupi ngati limeneli ndi lofunika kuliganizira.

Komabe, njira ya Frankl ili ndi msampha umene kwathu kuno ndi woopsa kuposa ku Vienna. Rollo May, katswiri wa za maganizo amene anathandiza kubweretsa uphungu umenewu ku America mu 1958, anadandaulapo kuti logotherapy imayandikira kwambiri ku ulamuliro, chifukwa phungu angathe kuyamba kumuuza munthu tanthauzo la moyo wake m'malo momulola kuti alipeze yekha. Ife amene tinakulira m'mwambo wolemekeza mawu a akuluakulu tikudziwa kuti wodwala akauzidwa ndi a dokotala kapena a busa kuti mavuto ake ali ndi cholinga, adzavomera ndi mutu pofuna kupereka ulemu, koma mumtima adzatsala yekha kuposa poyamba. Choopsa china n'chakuti mfundo ya kupeza tanthauzo m'mavuto ingasakanikirane mosavuta ndi malangizo amene atsikana amamva pa ukwati akuti banja ndi kupirira. Frankl mwini wake ananenetsa kuti akunena za mavuto osapeweka okha, ndi kuti kupirira vuto limene lingachotsedwe si ungwazi. Mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna wake safunika kuthandizidwa kupeza tanthauzo la zipsera zake, koma afunika ankhoswe olimba mtima, ofesi yothandiza ozunzidwa ku polisi, ndi malo othawirako.

Njira ya Irvin Yalom

Yalom, amene panthawiyo anali dokotala wa pa yunivesite ya Stanford ku America, anasanja uphunguwu mu 1980 pa nkhawa zinayi zimene anati munthu aliyense amalimbana nazo: imfa, ufulu pamodzi ndi udindo wake, kukhala wekha, ndi kusowa tanthauzo. Kwa iye, zizindikiro zambiri zimene anthu amabwera nazo ndi njira zothawira nkhawa zinayizi, ndipo pa imfa anatchula njira ziwiri zodzitetezera zimene zimaoneka paliponse, yoyamba kukhala kudzikhulupirira kuti iwe ndiwe wapadera moti zoipa zimagwera ena, ndipo yachiwiri kukhala kudalira kuti pali wina amene adzakupulumutse pa mphindi yomaliza. Msodzi wachinyamata wa ku Senga Bay amene amalowa pa nyanja mwera ukuomba chifukwa anapulumukapo kale akuonetsa njira yoyamba, ndipo banja limene likugulitsa mbuzi ndi njinga poyendayenda kwa aliyense wolonjeza machiritso, pamene wodwala akufuna kungokhala pakhomo ndi ana ake, likuonetsa yachiwiri. Mphamvu yaikulu ya Yalom ili pa ubale wa phungu ndi wovutika, umene iye anati ndiwo umachiritsa, ndiponso pa uphungu wa pagulu, popeza anagwira ntchito kwa zaka ndi magulu a odwala khansa amene ankaphunzitsana okha mmene angakhalire ndi masiku otsala.

Uphungu wa pagulu si wachilendo kwa ife, chifukwa magulu a anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV akhala akuchita zofanana nazo kwa nthawi yaitali. Chovuta chili pa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi ya ufulu, imene Yalom anaikonza poganizira munthu wa ku California amene angasiye ntchito, banja kapena mzinda pa chisankho chake. Mkazi wokwatiwa ku Maganga amene nkhani zake zimadutsa kwa amalume, ankhoswe ndi mwini mbumba alibe ufulu wotero, ndipo phungu amene angamuuze kuti moyo wake uli m'manja mwake yekha akhala akumusenzetsa mlandu wa zinthu zimene sanazipange. Apa Heidegger ndi wothandiza kuposa Sartre, chifukwa amayamba ndi kuvomereza zimene munthu anazipeza zilipo kale, kenaka n'kufunsa za kachigawo kamene katsala m'manja mwake, ngakhale katachepa bwanji. Yachiwiri ndi ya kulankhula za imfa poyera, kumene ambiri amakuona ngati kuitana tsoka kapena kumutaya wodwala akadali moyo, moti phungu ayenera kudikira kuti wodwalayo atsegule yekha khomo, nthawi zambiri ndi mawu ozungulira monga kufunsa amene adzalipirire ana sukulu.

Pa nkhani ya kukhala wekha, ena anganene kuti siikutikhudza, popeza ife timati kali kokha n'kanyama, ndipo John Mbiti wa ku Kenya anafotokoza mu 1969 kuti mu Africa munthu amadziwa kuti alipo chifukwa chakuti anzake alipo. Ine ndikuona kuti apa Yalom ananena zoona zimene umunthu wathu umatha kuzibisa. Iye sankanena za kusowa anthu, koma za mpata umene umatsalabe pakati pa munthu ndi mnzake ngakhale akondane chotani, popeza palibe angamve ululu wa mnzake kapena kumufera imfa yake. Mayi woferedwa amagona pa siwa atazunguliridwa ndi amayi ambirimbiri oimba nyimbo usiku wonse, ndipo chisamaliro chimenecho ndi chenicheni, koma mwambo wa maliro ukatha, anthu atameta kapena sadaka itadyedwa, onse amayembekezera kuti abwerere kumunda, ndipo palibe amene amamufunsanso. Munthu wotero amachita manyazi kunena kuti akumva kuti ali yekha, chifukwa kutero kumamveka ngati kusayamika abale amene anamusonkhera ufa ndi nkhuni.

Njira ya Emmy van Deurzen

Van Deurzen, wobadwira ku Netherlands koma wogwira ntchito ku London, kumene anakhazikitsa bungwe la Society for Existential Analysis mu 1988, amaona uphungu ngati kuthandiza munthu kuganizira bwino za moyo wake osati kuchiza matenda. Chida chake chodziwika ndi kuyang'ana moyo m'magawo anayi: la thupi ndi chilengedwe, la ubale ndi anthu, la mumtima mwa munthu mwini, ndi la zikhulupiriro ndi zimene munthu amaziyesa zopatulika. Njira yonse imafuna maphunziro a zaka zambiri ndipo ilibe dongosolo la misonkhano limene munthu angalitsate, koma magawo anayiwa pawokha angamuthandize aliyense womvetsera. Bambo amene wapuma pa ntchito yodula mzimbe ku Dwangwa n'kuyamba kumwa kachasu angakhale akuvutika ndi msana, angakhale atataya ulemu umene ankalandira monga wodyetsa banja, angakhale sakudzidziwanso kuti ndi yani popanda chikwanje m'manja, kapena angakhale akufunsa chifukwa chimene Mulungu wamufikitsira pa ukalamba wopanda kanthu, ndipo womvetsera amene wazolowera gawo limodzi lokha adzaphonya atatu enawo.

Gawo lachinayi ndilo limachititsa kuti njirayi itiyenere kuposa ya Yalom, amene sanabise kuti iye si wachipembedzo. Wodwala akanena kuti analodzedwa, phungu wotsata van Deurzen satsutsa ndipo savomereza, koma amafunsa chimene chikhulupirirocho chikufotokoza, ndipo kawirikawiri pansi pake pamapezeka mkangano wakale wa chuma cha masiye kapena funso lakuti n'chifukwa chiyani tsokali lagwera iye osati wina. Kumvetsera kotereku kuli ndi malire ake, chifukwa pamene dzina la gogo wina layamba kutchulidwa ndipo achinyamata ayamba kusonkhana, phungu ayenera kusiya kufufuza maganizo n'kuteteza moyo, pokumbukiranso kuti lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti.

Poyerekeza ndi njira zimene zilipo kale

Njira imene yafufuzidwa kwambiri padziko lonse ndi CBT (cognitive behavioural therapy), imene dokotala Aaron Beck anaiyamba ku Philadelphia, ku America, m'zaka za m'ma 1960, ndipo imaphunzitsa munthu kugwira maganizo ake opotoka ndi kuwayesa ngati ndi oona. Pa mantha opitirira, kukhumudwa ndi kudziona wachabechabe popanda chifukwa chokwanira, umboni wake ndi wochuluka kuposa wa nthambi iliyonse yatchulidwa pamwambapa, ndipo kukana zimenezi kungakhale kukondera. Imafooka pamene ganizo la munthu silinapotoke, monga pamene wodwala akunena kuti afa posachedwa ndipo akunena zoona. Pafupi ndi ife pali Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anaiyamba ku Harare mu 2006 pophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi ndi anthu oganiza kwambiri, kuwathandiza kutchula mavuto awo, kusankhapo limodzi, ndi kukonza chochita pa misonkhano pafupifupi 6. Kwa mnyamata wa ku Chipoka amene wamaliza Fomu 4 koma akusowa chochita, ndingayambe ndi njira imeneyi osati ndi Kierkegaard, chifukwa nthawi zambiri kusowa tanthauzo kwa munthu wa zaka 22 kumachepa akapeza poyambira geni kapena maphunziro a ntchito zamanja. Mafunso akuya atsalire pamene zochita zapezeka koma mtima ukadali wozizira.

Uphungu wa kumpingo ndi kumzikiti ndiwo umene anthu ambiri amaufikira poyamba, ndipo uli ndi zimene phungu wa kuchipatala alibe, monga pemphero, gulu la okhulupirira, ndi chiyembekezo cha moyo wa mtsogolo. Kusiyana kwake n'kwakuti mtsogoleri wachipembedzo amabwera ndi yankho, pamene phungu wa njira zimene takambazi amabwera ndi funso. Kwa wokhulupirira amene chikhulupiriro chake chikumugwira bwino, yankho ndi lokwanira. Koma pali ena amene imfa ya mwana yawakwiyitsa ndi Mulungu ndipo sangayerekeze kunena zimenezo pamaso pa a busa kapena a shehe, ndipo amenewa ndi amene amafuna munthu woti awamvetsere popanda kuwadzudzula kapena kuthamangira kuwatonthoza ndi vesi. Mbusa kapena shehe amene waphunzira kuchedwetsa yankho lake angathe kugwira ntchito ziwirizi.

Pali nthawi zimene njira zonse zolankhula ziyenera kudikira. Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice, malo osamalira odwala matenda osachiritsika, ku London mu 1967, anaphunzitsa kuti ululu wa wodwala uli ndi mbali ya thupi, ya maganizo, ya ubale ndi ya mzimu, koma iye mwini ankayamba ndi kuonetsetsa kuti mankhwala oletsa ululu akuperekedwa pa nthawi yake, chifukwa munthu amene akubuula ndi ululu wa khansa sangakambe za tanthauzo la moyo asanalandire morphine. Chimodzimodzinso, munthu amene akumva mawu amene ena sakuwamva, amene wasiya kudya ndi kusamba kwa masabata, kapena amene wanena kuti akufuna kudzipha ndipo wakonza kale njira yake, ayenera kuperekezedwa tsiku lomwelo kwa anamwino a matenda a maganizo pa chipatala cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota, amene angamuyambitse mankhwala kapena kumutumiza ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba kapena kwa a Saint John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kukambirana za ufulu ndi imfa ndi munthu amene ali mumkhalidwe wotero kungakulitse ngozi, ndipo wachibale amene akumuperekeza ayenera kuchotsa m'nyumba mankhwala a mbewu, zingwe ndi mapiritsi, komanso osamusiya yekha kufikira ataonedwa ndi achipatala.